Mtsinje wa mumzinda: zomwe mphuno imamva ndi zomwe siingamve

Mtsinje umadya, ndiponso umapuma. Tsamba likathothokera m'madzi, chule akafa, ng'ombe ikasiya ndowe pamene imamwera, zinthu zimenezi sizikhalitsa. M'madzimo ndi m'matope a pansi muli mabakiteriya osawerengeka amene amazigaya mpaka kutheratu. Pogayapo amagwiritsa ntchito okosijeni wosungunuka m'madzi, mpweya womwewo umene nsomba zimapuma, ndipo mtsinje umaubwezeretsa madzi akamawinduka pa miyala ndi kukhudzana ndi mphepo. Chakudya chikamalowa pang'onopang'ono, zonse zimayenda bwino. Koma mzinda ukakula m'mbali mwake, mtsinje umalandira katundu wa mitundu iwiri. Wina ungathe kumugaya ndithu, kungoti amabwera wochuluka mopyola muyezo. Winayo sungamugaye ngakhale utapatsidwa zaka 100. Woyambayo ndi zonyansa za m'zimbudzi, zomwe ambiri timangoti suweji. Wachiwiriyo ndi makemikolo ochokera m'mafakitale, m'misewu, m'magalaja ndi m'zipatala. Timakonda kuziponya m'thumba limodzi n'kungoti mtsinje waipa, koma awa ndi matenda awiri osiyana, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mphuno zathu zimazindikira amodzi okha.

Masamu a suweji ndi osavuta. Madzi amasunga mpweya wochepa kwambiri kuposa mmene timaganizira. Lita imodzi ya madzi oyera, pa kutentha kwa madigiri 20, imasunga mamiligalamu 9 okha a okosijeni, ndipo pa madigiri 30 amatsika kufika pafupifupi 7.5. Nsomba zambiri zimayamba kubanika akatsika kupitirira 4 kapena 5. Tsono zonyansa zimene munthu mmodzi amatulutsa pa tsiku, za kuchimbudzi, za kubafa ndi za potsukira mbale, zimafuna okosijeni wokwana magalamu pafupifupi 60 kuti ziwole. Mukawerengetsa mupeza kuti munthu mmodzi, tsiku limodzi lokha, angathe kumaliza mpweya wonse wa m'malita oposa 6,000 a madzi. Mzinda wa anthu 1 miliyoni ndiye kuti ukufuna matani 60 a okosijeni tsiku lililonse. Ngati palibe malo oyeretsera madzi amene angapereke mpweyawo, ngongole yonseyo imagwera mtsinje.

Akatswiri a madzi ali ndi njira yoyezera njala ya mpweya imeneyi. Amatunga madzi m'botolo, amayeza okosijeni, amatseka botololo n'kulisunga mu mdima pa madigiri 20 kwa masiku 5, kenako amayezanso. Mpweya umene wasowa ndiwo umasonyeza kuchuluka kwa zowola zomwe zinali m'madzimo. Muyezo umenewu amautcha BOD. Mtsinje waukhondo umataya miligalamu imodzi kapena awiri pa lita. Suweji yosayeretsedwa imafuna mamiligalamu 200 mpaka 400.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri, ndipo chili ndi mbali yake ya chilungamo. Pamene paipi ya suweji ikukhuthulira si pamene mtsinje umaferapo. Mabakiteriya amafuna nthawi kuti achulukane ndi kuyamba kudya, ndipo nthawi imeneyo madzi akuyenda. Choncho mpweya umanka nutsika pang'onopang'ono, n'kukafika pochepetsetsa makilomita angapo kumunsi, kenako n'kuyambanso kukwera zowola zikatha. H. W. Streeter ndi Earle Phelps analemba masamu ofotokoza zimenezi mu 1925 atafufuza mtsinje wa Ohio ku America, ndipo mainjiniya akuwagwiritsabe ntchito mpaka lero. Tanthauzo lake kwa anthu wamba n'lakuti wotaya zonyansa si amene amaona nsomba zitayandama. Amaziona ndi a kumunsi, ndipo m'mizinda yambiri a kumunsi, okhala m'madambo ndi m'malo osefukira, ndi anthu osauka amene mawu awo samveka kutali.

Mpweya ukatheratu, kuwola sikuima. Ntchito amaitenga ndi mabakiteriya ena osafuna okosijeni, ndipo awa ndi amene amabweretsa fungo. Amatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati dzira lovunda, komanso methane, amene mumamuona akubwadamuka timathovu kuchokera pansi. Sulphide uja akakumana ndi chitsulo cha m'matope amachititsa matopewo kuda bii. Mtsinje wakuda ndi wonunkha ndi mtsinje umene wabanika. Zimafika poipa m'chilimwe, pamene madzi achepa, atentha, ndipo suweji ikubwerabe mulingo wake wa masiku onse. M'mizinda ina nthawi imeneyi madzi ambiri amene akuyenda mu mtsinje amakhala suweji yeniyeniyo. Mvula yoyamba nayo siibweretsa mpumulo nthawi yomweyo, chifukwa imakokolola zonse zimene zinaunjikana m'ngalande miyezi yonse yopanda mvula n'kuzikhuthulira mu mtsinje tsiku limodzi.

Suweji ndi feterezanso. Muli nayitirojeni ndi fosiforasi, ndipo pamene madzi adekha, monga pa damu kapena padziwe, ndere ndi namasupuni zimakondwa n'kuphimba madzi onse. Masana ndere zimatulutsa okosijeni, usiku zimamugwiritsa ntchito, n'chifukwa chake nsomba za m'madzi obiriwira zimakonda kufa mbandakucha. Amoniya wa mu mkodzo nayenso ndi poizoni kwa nsomba, makamaka madzi akatentha.

Koma anthu sitifa chifukwa mtsinje wasowa mpweya. Timafa ndi tizilombo ta m'chimbudzi cha munthu wodwala: kolera, taifodi, kamwazi, matenda a chiwindi a mtundu wa A ndi E, poliyo, njoka za m'mimba. Popeza kufufuza kachilombo kalikonse pakokha n'kodula, oyeza madzi amawerenga bakiteriya wa E. coli, amene amakhala m'matumbo a munthu aliyense, ngati mboni yoti chimbudzi chadutsapo. M'madzi akumwa sayenera kupezeka ngakhale mmodzi mu mamililita 100. M'suweji yosayeretsedwa amakhalamo mamiliyoni mu mulingo womwewo. Bungwe la WHO linati mu 2022 anthu osachepera 1.7 biliyoni ankamwa madzi ochokera pamalo oipitsidwa ndi chimbudzi.

Mbiri ya mzinda wa London imasonyeza bwino mmene mphuno imatithandizira ndi mmene imatinamizira. M'zaka za m'ma 1850 zimbudzi zogejemula zinali zikufala, ndipo zonse zinkathera mu mtsinje wa Thames, momwenso makampani ena ankatunga madzi ogulitsa kwa anthu. Kolera wa mu 1853 ndi 1854 anapha anthu oposa 10,000 mumzindawo. Madokotala ambiri nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti matendawa amayenda ndi fungo loipa. Dokotala John Snow anakana. Anapeza dera limene nyumba zoyandikana zinkalandira madzi kuchokera ku makampani awiri osiyana: ya Southwark and Vauxhall, imene inkatunga m'kati mwa mzinda, ndi ya Lambeth, imene mu 1852 inasamutsira potungira pake kumtunda, ku Thames Ditton. Mpweya umene anthuwo ankapuma unali umodzi, fungo limodzi, misewu imodzi. Koma pa nyumba 10,000 zilizonse za kampani yoyamba panafa anthu 315, pamene za kampani yachiwiri panafa 37. Umboni unali poyera, komabe akuluakulu sanatekeseke nawo.

Chimene chinawadzutsa ndi fungo. M'chilimwe cha 1858 kunatentha kwambiri, Thames inanunkha mpaka aphungu a Nyumba ya Malamulo, imene ili m'mbali mwenimweni mwa mtsinjewo, ankanyika makatani m'mankhwala ophera fungo kuti athe kukhalamo. Pasanathe milungu itatu anavomereza lamulo lopereka ndalama, ndipo injiniya Joseph Bazalgette anamanga ngalande zikuluzikulu za pansi pa nthaka, zotalika makilomita pafupifupi 130, zotchinga suweji isanafike mu mtsinje. Snow anamwalira mu June chaka chomwecho, asanaone chilichonse cha zimenezi. Aphungu ndi Bazalgette ankalimbana ndi fungo, koma pochotsa fungolo anachotsanso kolera, ndipo mliri womaliza wa mu 1866 unagwa kum'mawa kwa mzindawo, dera limene linali lisanalumikizidwe ku ngalande zatsopanozo. Tisaiwale kuti Bazalgette sanayeretse suweji. Anangoisamutsira kumunsi, ku Beckton ndi ku Crossness, n'kumaitaya mu mtsinje womwewo. Mu 1878 sitima ya Princess Alice inamira chakufupi ndi kumeneko, anthu oposa 600 n'kufa m'madzi amene suweji inali itangotsegulidwira kumene.

Lero suweji imafika mu mtsinje kudzera m'njira zingapo, ndipo zambiri mwa izo sizioneka. M'mizinda yakale paipi imodzi imanyamula suweji pamodzi ndi madzi a mvula. Mvula ikakula paipiyo imadzaza, ndipo inapangidwa dala kuti izisefukira mu mtsinje m'malo mobwerera m'nyumba za anthu. Kwina mapaipi amatsekeka ndi mafuta ophikira, matewera ndi timapepala topukutira tosasungunuka. Mu 2017 ku Whitechapel mu London anapeza chibuluma cha mafuta ndi zinyalala cholemera matani 130, chotalika mamita 250. Kwina womanga nyumba amalumikiza paipi ya chimbudzi ku ngalande ya mvula, mwadala kapena mosadziwa. M'mizinda imene ikukula msanga, anthu ambiri alibe paipi n'komwe. Amadalira zimbudzi zokumba ndi matanki a pansi, ndipo funso limene safunsidwa kawirikawiri n'lakuti galimoto yopopa ija ikachoka pakhomo imakakhuthula kuti. Malo ovomerezeka akakhala kutali kapena olipiritsa, khwawa lapafupi limaoneka lotsika mtengo. Ziwerengero za United Nations zikusonyeza kuti mu 2022 magawo 42 pa 100 alionse a madzi oipa ochokera m'nyumba pa dziko lonse sankayeretsedwa mokwanira.

Njira yomvetsa chisoni kwambiri kwa ine ndi ya malo oyeretsera amene alipo koma anafa. Mapaipi amasonkhanitsa bwinobwino suweji ya mzinda wonse, n'kuipititsa pamalo amodzi pomwe makina anaima kalekale, n'kuitulutsa yosakhudzidwa. Harare ndi chitsanzo chowawa chifukwa mzindawo umamwa kumunsi kwa iwo wokha. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imadutsa mumzinda n'kukathira mu nyanja ya Chivero, ndipo madzi a m'mipopi ya Harare amapopedwa kuchokera momwemo. Chuma chitasokonekera, mapaipi a suweji ankaphulika m'misewu osakonzedwa, mankhwala oyeretsera madzi anasowa, mipopi inauma, anthu n'kuyamba kukumba zitsime zosaya pafupi ndi suweji yoyenderera. Kolera wa mu 2008 ndi 2009 anagwira anthu oposa 98,000 m'dziko la Zimbabwe, n'kupha oposa 4,000.

Nanga malo oyeretsera suweji amachita chiyani kwenikweni? Amachita zomwe mtsinje umachita, koma m'matanki ndi mofulumira. Poyamba zinyalala zikuluzikulu zimakodwa pa zitsulo zosefera, mchenga n'kudikha. Kenako madzi amaima m'thanki kuti zolemera zitsike pansi. Chotsatira ndicho mtima wa ntchito yonse: madziwo amasakanizidwa ndi matope odzaza mabakiteriya amoyo, makina n'kumapopera mpweya usana ndi usiku, kuti chakudya chimene chikanabanikitsa mtsinje chidyedwe m'maola ochepa. Njirayi anaitulukira Edward Ardern ndi William Lockett ku Manchester mu 1914. Kumayiko otentha kumene malo alipo, maiwe akuluakulu osaya amagwira ntchito yomweyo mothandizidwa ndi dzuwa ndi ndere, osafuna magetsi ambiri, kungoti amafuna milungu m'malo mwa maola, ndipo matope ake ayenera kuchotsedwa pakapita zaka. Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti malo amenewa ndi khola la zamoyo. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali, mabakiteriya amabanika. Kumanga n'kosavuta kupezera ndalama chifukwa pamakhala mwambo wotsegulira. Kulipira magetsi, kugula zipangizo za pampu ndi kusunga amisiri odziwa ntchito chaka ndi chaka, pamenepo ndi pamene mizinda yambiri imagwera.

Uthenga wabwino wa suweji ndi wakuti mtsinje susunga mangawa. Mukasiya kuuthira, umachira. Mu 1957 mbali ya Thames ya mu London inanenedwa kuti ndi yakufa, yopanda mpweya woti nsomba n'kukhalamo. Malo oyeretsera atakonzedwa, nsomba zinabwerera, ndipo lero mumapezeka mitundu yoposa 100. Ku Singapore boma la Lee Kuan Yew linatenga zaka 10, kuyambira 1977 mpaka 1987, kuyeretsa mtsinje wa Singapore ndi dera la Kallang, ndipo ntchito yaikulu sinali m'madzi. Inali kumtunda: kusamutsira mabanja oposa 26,000 m'nyumba zokhala ndi mapaipi a suweji, kuchotsa makola a nkhumba ndi abakha, kumangira ogulitsa malonda misika yokhala ndi ngalande. Ku Paris kusambira mu mtsinje wa Seine kunaletsedwa mu 1923. Atawononga ndalama pafupifupi mayuro 1.4 biliyoni, kuphatikizapo thanki ya pansi pa nthaka ku Austerlitz yosunga makyubiki mita 50,000 a madzi osefukira, anatsegulira anthu malo atatu osambira mu July 2025. Ngakhale zinali choncho, pa masewera a Olimpiki a 2024 mpikisano wina wosambira unaimitsidwa tsiku limodzi chifukwa mvula inakweza E. coli. London nayo inamaliza mu 2025 ngalande ya Tideway, ya makilomita 25, chifukwa za Bazalgette sizinkakwaniranso anthu pafupifupi 9 miliyoni. N'zodula, n'zochedwa, koma njira yake ndi yodziwika.

Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo makemikolo ambiri oopsa sanunkhadi. Mtovu, mercury, cadmium ndi chromium ndi zitsulo. Palibe bakiteriya amene angazigaye kuti zisanduke chinthu china chosavulaza, chifukwa palibe choti n'kuphwanya. Makemikolo ena opangidwa ndi anthu, monga PCB amene ankathiridwa m'matiransifoma a magetsi, kapena PFAS a m'thovu lozimitsira moto ndi m'nsalu zosalowa madzi, anapangidwa dala kuti asawole, asapse, asasungunuke. Khalidwe lomwe linawapangitsa kukhala aphindu m'fakitale ndi lomwenso limawapangitsa kukhala osachoka mu mtsinje. Ambiri mwa iwo amamatirira ku tinthu ta dothi n'kudikha pansi. Mukatunga madzi pamwamba n'kukayeza, mungapeze kuti ali bwino, pamene matope a pansi asunga poizoni wa zaka 40. Chigumula chikabwera chimavundula matopewo n'kukawayala m'minda ndi m'mabwalo osewerera ana.

Kuchokera m'matopemo poizoni amakwera makwerero. Tizilombo ta pansi timadya matope, kansomba kamadya tizilombo tambirimbiri, nsomba yaikulu imadya tinsomba tambirimbiri, ndipo pa sitepe iliyonse poizoni amene thupi silingamutulutse amanka naunjikana. Wokhala pamwamba pa makwererowo ndi mbalame, katumbu ndi munthu. Ku Minamata m'dziko la Japan, fakitale ya Chisso inataya madzi okhala ndi mercury kuyambira 1932 mpaka 1968. Zoyamba kuonetsa zizindikiro zinali amphaka, amene ankazungulirazungulira ngati openga n'kugwera m'nyanja. Mu 1956 madokotala anazindikira matendawa mwa anthu: dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kulephera kuyenda ndi kulankhula, maso kuona mopanikizika. Amayi ooneka athanzi ankabereka ana olumala ubongo chifukwa mercury amadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba. Mu 1958 kampaniyo inasintha potayira, kuchoka padoko kupita ku mtsinje wa Minamata, ndipo matenda anangofalikira kumidzi ina ya asodzi. Boma linavomereza chomwe chinkayambitsa mu 1968, patapita zaka 12. Anthu oposa 2,000 ndi amene anavomerezedwa mwalamulo kuti anadwala. Nsomba zomwe ankadyazo zinkaoneka bwino ndipo zinkakoma.

Fanizirani zimenezi ndi ngozi za mwadzidzidzi. Mu June 1969 mtsinje wa Cuyahoga ku Cleveland unayaka moto chifukwa cha mafuta oyandama, ndipo sikanali koyamba. Nkhaniyo inathandiza kukankha lamulo la madzi aukhondo la America la 1972. Pa 1 November 1986 nyumba yosungiramo katundu ya kampani ya Sandoz pafupi ndi mzinda wa Basel ku Switzerland inapsa, madzi ozimitsira moto n'kukokolera matani ambiri a mankhwala ophera tizilombo mu mtsinje wa Rhine. Mtsinje unafiira, mikunga inafa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo chaka chotsatira mayiko a m'mbali mwa Rhine anagwirizana pa ndondomeko yaikulu yoyeretsa mtsinjewo. Moto, mtundu wofiira, fungo la 1858: maboma amathamanga chinthu chikaoneka kapena chikanunkha. Poizoni wodontha pang'onopang'ono, wopanda mtundu, amapatsidwa zaka.

Kusamutsa vuto osalithetsa, kuja kwa Beckton ndi Minamata, kukuchitikabe. Ku Dhaka m'dziko la Bangladesh, mafakitale ofufuta zikopa a ku Hazaribagh anathira chromium ndi makemikolo ena mu mtsinje wa Buriganga kwa zaka zambiri. Mu 2017 anawasamutsira ku Savar, m'mbali mwa mtsinje wa Dhaleshwari, koma malo oyeretsera a kumeneko sanathe kugwira ntchito mokwanira, ndipo madandaulo anasamukira komweko.

Pali gulu lina latsopano limene agogo athu sakanaliganizira. Mankhwala amene timamwa satheratu m'thupi. Ena amatuluka mu mkodzo, ndipo malo oyeretsera wamba sanapangidwe kuti awachotse. Kafukufuku wotsogozedwa ndi yunivesite ya York, wofalitsidwa mu 2022, anayeza mitsinje 258 m'mayiko 104, ndipo pamalo amodzi mwa anayi alionse panapezeka mankhwala ena opyola mulingo woyesedwa wosaopsa kwa zamoyo za m'madzi. Opezeka kawirikawiri anali carbamazepine wa khunyu, metformin wa shuga, ndi caffeine. Kuchepa kwa mlingo kusatipusitse. Ku Ontario m'dziko la Canada, ofufuza anathira m'nyanja yoyeserera homoni ya m'mapiritsi olerera, mananogalamu 5 kapena 6 okha pa lita, ndipo nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a galamu. Nsomba zazimuna za mtundu wina zinayamba kupanga zinthu za mazira ngati zazikazi, ndipo m'zaka zochepa mtunduwo unatsala pang'ono kutheratu m'nyanjamo. Ngakhale msewu umathira zake. Kwa zaka zambiri nsomba za coho zinkafa m'timitsinje ta ku Seattle mvula ikagwa, popanda wodziwa chifukwa. Mu 2020 ofufuza a yunivesite ya Washington anapeza kuti wakupha ndi 6PPD-quinone, wochokera ku mankhwala otetezera matayala a galimoto kuti asang'ambike. Fumbi la matayala limatsalira pa phula, mvula n'kulitsukira m'ngalande.

Pamene matenda awiriwa amakumana ndi pamene pamandiopsa kwambiri. Fakitale ikatulutsa asidi, utoto kapena zitsulo m'paipi ya suweji ya mzinda, imatha kupha mabakiteriya a kumalo oyeretsera, ndipo kwa masiku angapo suweji ya anthu onse imadutsa yosagayidwa. Zitsulo zimene zakodwa zimatsalira m'matope a m'matanki, amene akanakhala manyowa abwino koma tsopano sangathiridwe m'munda. Choopsa china ndi cha maantibayotiki. Mu 2007 Joakim Larsson ndi anzake anayeza madzi otuluka pamalo oyeretsera a ku Patancheru, pafupi ndi Hyderabad ku India, amene ankalandira madzi oipa a mafakitale a mankhwala pafupifupi 90. Anapeza ciprofloxacin wofika mamiligalamu 31 pa lita, woposa amene amakhala m'magazi a wodwala amene akumwa mankhwalawo. Ikani mabakiteriya a m'matumbo a anthu mamiliyoni m'madzi otere. Ofooka amafa, olimba amatsala n'kuchulukana, ndipo mabakiteriya amatha kupatsirana majini a kulimbako ngakhale ali a mitundu yosiyana. Zotsatira zake zimakaonekera m'chipatala, pa wodwala amene mankhwala asiya kumugwira.

Kwa banja limene likukhala m'mbali mwa mtsinje wotere, kusiyana kwa matenda awiriwa ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, ndipo klorini amapha tambiri mwa ito. Koma mtovu sauwiritsa. Madzi akamaphwera pa moto, chitsulo chimatsala chonse m'madzi ochepa. Ndiwo zamasamba zothiriridwa ndi madzi a suweji zimakula mosangalatsa chifukwa cha nayitirojeni, n'chifukwa chake alimi a m'mizinda pa dziko lonse amawakonda madzi amenewa, ndipo sindingawaweruze, popeza nthawi zambiri ndi madzi okhawo amene alipo m'chilimwe. Mazira a njoka za m'mimba a pa masambawo amafa ndiwo zikapsa bwino. Cadmium amene walowa m'kati mwa tsamba kudzera m'mizu sachoka ndi kutsuka kapena kuphika. Anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Jinzu ku Japan anadya mpunga wothiriridwa ndi madzi a cadmium wochokera ku mgodi, impso zinawonongeka, mafupa n'kumathyoka okha. Mtovu nawo umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo WHO imanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza.

Kugwira wolakwa n'kovutanso mosiyana. Suweji imatuluka nthawi zonse, ndipo aliyense wotsatira fungo angakafike pa paipi. Fakitale ingathe kusunga madzi ake oipa m'thanki n'kuwatsegula pakati pa usiku kapena mvula ikugwa, woyendera wa boma n'kufika m'mawa zonse zitapita. Labotale nayo imapeza chokhacho chimene yauzidwa kufufuza, pamene makemikolo ogwiritsidwa ntchito m'mafakitale ndi masauzande ambirimbiri. N'chifukwa chake odziwa mitsinje amavundukula miyala ya pansi. Ana a tizilombo touluka tina, monga mayfly ndi stonefly, amakhala pansi pa miyala miyezi yambiri ndipo sapirira madzi oipa. Akasowa, n'kutsala tinyongolotsi tofiira ndi misundu yokhayokha, ndiye kuti china chake chinadutsapo, ngakhale botolo la lero litanena kuti madzi ali bwino.

Masiku otolera zinyalala m'mbali mwa mtsinje ndi abwino, ndipo mapulasitiki otseka ngalande ayeneradi kuchoka. Koma tisadzinamize kuti tachiza mtsinje. Suweji imafuna mapaipi, magalimoto opopa okhala ndi kokataya koyenera, ndi malo oyeretsera amene ali ndi ndalama zoyendetsera chaka chilichonse. Makemikolo amafuna kuimitsidwa pa geti ya fakitale, asanasakanikirane ndi madzi a mzinda wonse, chifukwa kuchotsa chromium m'malita 1,000 a madzi ofufutira zikopa n'kotheka ndipo chromium yemweyo angagwiritsidwenso ntchito, pamene kumuchotsa atamwazika mu mtsinje n'kosatheka kwenikweni. Zimenezi zimafuna chilolezo chonena mlingo, kuyeza kosachenjeza, zotsatira zoikidwa poyera kuti a kumunsi aziwerenge, ndi chindapusa choposa mtengo woyeretsera. Chindapusa chikachepa, mwini fakitale amangochiwerengera pamodzi ndi bilu ya magetsi.

Mtengo wa kuchedwa ukuoneka pa mtsinje wa Hudson ku New York. Kuyambira 1947 mpaka 1977 mafakitale awiri a General Electric, ku Hudson Falls ndi ku Fort Edward, anataya PCB wokwana matani pafupifupi 600. Pakati pa 2009 ndi 2015 kampaniyo inakumba matope a pansi pa mtsinje okwana makyubiki mita pafupifupi 2 miliyoni n'kuwanyamula pa sitima za pamtunda kukawakwirira kutali. Lero mbali imeneyo ya Hudson ndi yokongola, sinunkha, anthu amapalasa mabwato ndi kuponya mbedza. Koma kuchokera ku Hudson Falls kukafika ku damu la Troy, msodzi akakola nsomba amaivula mbedza n'kuibwezera m'madzi, chifukwa lamulo la boma la New York silimulola kupita nayo kunyumba.